Lathe yakale ya Colchester ili ku Thyolo: ndigule kapena ndiisiye?

Bambo a Chisomo (Ndirande): Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ine ntchito yanga ndi yowotcherera, mageti, mawindo, komanso kukonza zigayo ndi ngolo. Chimandipweteka n'chakuti ntchito iliyonse yofuna lathe, makina osemera zitsulo pozizunguliza, ndimakapereka kwa ena ku Ginnery Corner, phindu lonse n'kuthera komweko, kasitomala akundidikira. Tsopano pali mkulu wina ku Thyolo akugulitsa lathe imene anaigula pa okushoni ya ku esiteti ya tiyi. Yalembedwa Colchester Student, ija ya mutu wozungulira. Akuti yakhala m'shedi osazungulira kuyambira nthawi ya Covid. Penti inasupuka, pa bedi, thunthu lalitali la makinawo, pali kadzimbiri. Mlamu wanga akuti ndisataye ndalama pa chikalekale, ndigule yatsopano yaing'ono ya ku China. Ndithandizeni nzeru.

Wachigayo (Mchinji): Gulani bwana. Ife tikuvutika kuno, shafiti ikangodyeka mpaka ku Lilongwe.

Madala Fita (Limbe): Mwana wanga, usayambe ndi funso loti ugule kapena ayi. Yamba ndi ntchito imene ikubwera pakhomo pako. Student ya mutu wozungulira ndi makina a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, opangidwa ku Colchester m'chigawo cha Essex ku England. Ndi makina abwino, ambiri a ife tinaphunzirira pomwepo. Koma ndi aafupi. Pakati pa ma centre, nsonga ziwiri zogwira chitsulo uku ndi uku, pamalowa chitsulo cha mainchesi 24, ndipo bowo la mu sipindulo, shafiti ya m'mutu yozunguliza chitsulocho, ndi la pafupifupi inchi imodzi ndi theka. Ndiye ngati mutu wako uli pa mashafiti a zigayo zazikulu a 50 mm kupita m'tsogolo, dziwa kuti salowa m'bowomo, ndipo akatalika sakwana pa bedi. Mabushi, mapini, mapule, mahabu a ngolo, kukonza pokhala beringi pa shafiti yaifupi, zimenezo idzakugwirira mpaka udzakalambe. Mchimwene wake wotalikirapo ndi Master, wa mainchesi 36.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Zikomo madala. Zambiri zimene ndimatumiza kunja ndi mabushi, mapule ndi mapini. Mashafiti aatali amabwera mwa apo ndi apo.

Mnyamata wa Soche: Koma akulu, yatsopano si ili ndi waranti? Komanso imayendera magetsi a m'nyumba.

Anaphiri (Kanengo): Iwe mwana, kamakina kamene mlamu wawoyo akunena munthu mmodzi amakanyamula yekha. N'kabwino kwa wokonza mawotchi ndi tizitsulo ting'onoting'ono. Ikapo pule ya chigayo uone mmene kakunjenjemerera. Tina mwa timeneti magiya ake ndi apulasitiki. Sindikunyoza za ku China zonse ayi, zazikulu zake zilipo zabwino ndithu, koma mtengo wake ndi wina, ndipo ndi mmene kwacha inagwera mu November 2023 muja, ya kunja iliyonse yatsopano ikufuna munthu wa thumba lozama. Kulemera kwa makina akale si chilema. Chitsulo cha kasiti chochuluka chija ndi chimene chimameza kunjenjemera, ntchito n'kutuluka yosalala.

Madala Fita (Limbe): Anaphiri anena zoona. Tsopano tamvera zokayang'ana, ndipo usapite wekha, tenga munthu wodziwa kusema pa lathe. Nyamulani tochi, nsanza, palafini, micrometer yoyezera kunenepa kwa chitsulo, ndi clock ya maginito ija, geji ya singano yoyezera kugwedera.

Choyamba ndi bedi. Lathe imadyeka pafupi ndi chaki, chopanira chitsulo chija, chifukwa ntchito zambiri ndi zazifupi, saddle yonyamula mpeni imangoyenda pamalo amodzi zaka makumi asanu. Pukutani bedi ndi palafini, muthirepo oyilo. Bweretsani saddle pafupi ndi chaki, mumange kabawuti kake kotsekera pang'ono chabe mpaka muyambe kumva kuti ikugwira, kenako muiyendetse kupita ku tailstock, chochirikizira chitsulo cha kumapeto kwa bedi. Ikamalimba pang'onopang'ono n'kufika kumapeto, bediyo ili bwino. Ikakanirira musanafike pakati, pafupi ndi chakipo pali dzenje. Yendetsaninso chikhadabo m'mbali mwa njira ya saddle. Mukamva kamzere kokwera pamene saddle siinkafika, ndi kudyeka kumeneko. Ma Colchester ambiri bedi yake inaumitsidwa ku fakitale, n'chifukwa chake amapirira, koma ikadyeka yoteroyo simungaipale ndi manja, imafuna makina aakulu operera bedi yonse, ndipo mtengo wake ungapose wa lathe yomweyo.

Chachiwiri ndi sipindulo. Colchester ankaika maberingi a Gamet, olondola kwambiri komanso odula koopsa. Chotsani chaki, ikani clock pa mphuno ya sipindulo, zungulizani ndi dzanja. Singano isamavine kupitirira 0.01 kapena 0.02 mm. Lowetsani thabwa m'bowo, mutukule pang'ono muone ngati pali kugwedera. Dzanja likamamva timiyala pozunguliza, bwererani kunyumba.

Chachitatu, tsegulani chivundikiro cha pamwamba pa mutu muone magiya ndi tochi, dzino ndi dzino. Anyamata ophunzira ntchito amasintha sipidi makina asanaime, mano amathyoka motero. Onaninso pansi pa oyilo ngati pali tizidutswa tachitsulo kapena madzi.

Penti musaiwerengere. Yopakidwa kumene ndiye muziiopa, makamaka penti ikafika mpaka pa tinsonga tothirira oyilo. Ameneyo amakongoletsa kuti agulitse, sanali kuthira oyilo.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Ndajambula zonsezi madala. Nanga chogwirira cha cross slide, chokankhira mpeni ku chitsulo, mkuluyo akuti chimazungulira pang'ono chisanayambe kukankha. Ndi vuto lalikulu?

Madala Fita (Limbe): Ayi. Imeneyo ndi nati ya bulonzi yadyeka. Lathe iliyonse yakale ili nazo. Munthu wodziwa amabwerera m'mbuyo kupitirira, n'kubweranso kutsogolo, basi. Nati yatsopano ukhoza kudzisemera pa lathe yomweyo. Koma pokambirana mtengo uzidandaule kwambiri.

Anaphiri (Kanengo): Ine ndionjezere chimene anthu amaiwala akaona makina akuzungulira, mtima n'kukhala m'malo. Funsani katundu wake. Chaki ya mano atatu ili ndi mano ake onse, a mkati ndi a kunja? Mano amenewa amayenderana ndi chaki yakeyo, simungatole a ina n'kuikamo. Chaki ya mano anayi ilipo? Faceplate, fixed steady, travelling steady, magiya osinthira, toolpost ndi zogwirira mipeni zake, sipanala yomasulira chaki? Ngati bedi ili ndi gap, mpata wa pafupi ndi chaki, chidutswa chotsekera gap chija chilipo? Chimenecho chinapalidwa limodzi ndi bedi yakeyo, cha lathe ina sichikhala bwino. Pa okushoni za m'maesiteti makina amagulitsidwa paokha, bokosi la zipangizo n'kupita ndi munthu wina ngati sikirapu. Mukagula lathe yamaliseche, mudzaononga ndalama ina yofanana nayo pogula tizidutswa, ndipo tina simudzatipeza m'dziko muno. Muuzeni mkuluyo akutsegulireni shedi yonse, musuzumire m'makona ndi pansi pa mabenchi. Kabati ya pansi pa lathe nayonso mutsegule.

Wa ku Joni (Germiston): Moni kumudzi. Ine ndimagwira pa shopu ya makina kuno. Ngati ndalama ilipo ndikanati dumphani Student, funani Triumph 2000 ya Colchester yomweyo kapena TOS SN50 ya ku Czechoslovakia. Kuno ku East Rand ogulitsa makina akale ndi ambiri, mafakitale akamatseka zimatuluka. Triumph 2000 bowo lake limapitirira mainchesi awiri, mota ya mahatchi 7.5, shafiti ya chigayo imalowa bwinobwino. Malole obwera kumudzi kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza amanyamula.

Anaphiri (Kanengo): Achimwene a ku Joni, mwaiwala kutchula ma rand oti munthu awapeze kaye, thiransipoti ya chinthu choposa tani imodzi, ndi msonkho wa MRA pa boda. Komanso kugula lathe pa chithunzi cha pa foni, bedi osaigwira ndi dzanja? Ya ku Thyolo akhoza kukaiona m'mawa n'kubwerako masana.

Wa ku Joni (Germiston): Pamenepo mwandigwira mayi. Koma amene angadzafune ya kuno ndimuchenjeze chimodzi: makina ambiri ochoka ku migodi ndi m'mafakitale akuluakulu a kuno mota zake ndi za 525 V. Kumudzi three phase yathu ndi 400 V. Werengani kachitsulo ka pa mota musanalipire, apo ayi mukagulanso mota ndi ma coil a contactor.

Amagetsi (Zomba): Nkhani yafika kwanga. Bambo a Chisomo, pa shopu panu pali three phase?

Bambo a Chisomo (Ndirande): Ayi bwana, ndi single phase. Makina owotcherera ndi gilayinda zimayendera yomweyo.

Amagetsi (Zomba): Ndiye muwerengeretu ndalama yake musanapite ku Thyolo. Student kawirikawiri imabwera ndi mota ya three phase ya mahatchi atatu, amene ndi 2.2 kW. Njira zilipo. Mukhoza kupempha three phase ku ESCOM, ndiyo njira yokhalitsa ngati mukuganiza zodzaonjezera makina ena. Mukhoza kuchotsa motayo n'kuika ya single phase, koma imanjenjemera, siikonda kuyatsa ndi kuzimitsa pafupipafupi, ndipo kubwerera m'mbuyo kumavuta. Ine ndimakonda VFD, kabokosi kamene kamalandira 230 V ya single phase n'kutulutsa three phase.

Koma apa mvetsetsani. VFD yotero imatulutsa three phase ya 230 V, osati 400 V. Ndiye mota iyenera kulumikizidwa mwa delta. Tsegulani kabokosi ka mawaya pa mota. Mukapeza nsonga zisanu ndi imodzi ndipo kachitsulo kalembedwa 220/380 kapena 240/415, mwapata, ndi kungosuntha timalata titatu. Mota zambiri zakale za ku Britain zimatulutsa mawaya atatu okha, mfundo ya star inakwiriridwa mkati mwa ma winding. Wokulunga mota wodziwa ntchito amaifukula n'kutulutsa mawaya enawo, si ntchito yaikulu. Ikakhala mota ya masipidi awiri, musalimbane nayo, pezani ina ya sipidi imodzi.

China, pakati pa VFD ndi mota pasakhale switch kapena contactor iliyonse. Chogwirira chakale choyatsira chija timachilumikiza ku mawaya ang'onoang'ono olamulira VFD. Mukadula magetsi pakati mota ikuzungulira, VFD ikhoza kupsa.

Mnyamata wa Soche: Nanga amene ali kale ndi three phase, palibe choopa?

Amagetsi (Zomba): Chilipo. Phase imodzi ikachoka mota siima, imapitiriza kulira ndi ziwiri mpaka kununkha. Mota zambiri zimene ndimakulunga zinafa choncho. Ikani overload yoyenera ndi phase failure relay. Ndipo starter ikhale ija yoti magetsi akazima n'kubweranso, makina asadziyatse okha munthu dzanja lili pa chaki.

Wachigayo (Mchinji): Ya phase imodziyo musandikumbutse, tinalira nayo chaka chatha.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Ndafunsa mkulu uja. Kumene kuli lathe kulibe three phase, ndiye sitingaiyatse. Nditani?

Madala Fita (Limbe): Zonse ndakuuza zija zimatheka popanda magetsi. Lowetsa giya iliyonse, uzungulize chaki ndi dzanja, umve. Lumikiza feed ndi leadscrew, mashafiti aatali oyendetsa saddle, uone ngati saddle ikuyenda, ngati half nut yogwira leadscrew ija ikugwira. Koma mtengo utsike, chifukwa ukugula chinthu chimene sunachimve kulira. Ikanayaka ndikanati useme chitsulo cha 40 mm chotuluka m'chaki 150 mm popanda tailstock, uyeze uku ndi uku. Kuona maso a nkhono n'kudekha, usalole kuti akuthamangitse ndi mawu oti pali wina akubwera ndi ndalama mawa.

Mnyamata wa Soche: Madala, funso lina. Makina a mainchesi angadule mazinga a metric? Mabawuti a masiku ano onse ndi M10, M12, M16.

Madala Fita (Limbe): Angadule. Inchi imodzi ndi 25.4 mm ndendende, ndiye giya ya mano 127 ndi imene imalumikiza mbali ziwirizi, chifukwa 127 ndi 25.4 kuchulukitsa kasanu. Yang'ana kachitsulo ka pa gearbox, kamaonetsa mazinga amene makinawo amatha ndi magiya ofunika kuikapo. Chokhacho, podula metric pa leadscrew ya mainchesi sumasula half nut mpaka ntchito ithe. Umabweza mpeni, kuimitsa, kubwerera m'mbuyo ndi mota, kulowanso. N'chifukwa chake Amagetsi akukana mota yosabwerera bwino. Ndipo usanyoze mainchesi. Mapaipi onse amadzi m'dziko muno ndi BSP, theka la inchi mazinga 14 pa inchi, inchi imodzi mazinga 11, mpeni wake wa madigiri 55 osati 60 ya metric. Mathirakitala akale a Massey Ferguson ndi ma Land Rover a Series ali ndi mazinga a mainchesi. Shopu imene imatha zimenezi siisowa kasitomala.

Anaphiri (Kanengo): Ine nkhawa yanga si kugula ayi, ndi kumene ikupita. Bambo a Chisomo, pepani ndinene mosabisa. Shopu yowotcherera ndi malo oipitsitsa oikamo lathe. Fumbi la gilayinda ndi mchenga wonolera weniweni. Likagwa pa bedi ya oyilo limasanduka phala lopalira, saddle ikamayenda ikudzipera yokha. Makina amene apirira zaka 60 ku esiteti akhoza kutha m'zaka zochepa ku Ndirande. Imangireni kachipinda kake, ngakhale ka malata, chitseko chizitsekedwa. Ikapuma muziifunditsa. Musaipemerere ndi kompuresa, mphepo imakankhira tizitsulo pansi pa saddle, gwiritsani burashi. Tinsalu ta felt ta m'mphepete mwa saddle musinthe tsiku loyamba.

Ndiye pali chizolowezi china cha anthu owotcherera. Shafiti yadyeka, mukufuna kuidzaza ndi rodi kenako muiseme, ndiye mumaiwotcherera ili pa chaki pomwepo, earth mwamangirira pa bedi. Moto umadutsa m'maberingi a sipindulo, n'kusiya timabala pa ma roller. Maberingi a Gamet amene madala atchula aja amafa motero. Wotchererani panja, shafiti izizire, mugogode slag, kenako ibwere.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Mayi mwandilasa, ndimomwe ndimaganizira kuti ndizichitira kuti ndisamavutike kuika pakati kawiri.

Anaphiri (Kanengo): Ndinadziwa. Nonse mumaganiza chimodzimodzi.

Achimwene a ku Leicester: Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Za oyilo palibe wanena. Mabuku akale a Colchester amatchula Shell Tellus 27 ya m'mutu, lero mukhoza kugwiritsa hydraulic oil ya ISO 32, imene imapezeka kwa ogulitsa oyilo wa mathirakitala ndi makina a misewu. Pa bedi pamafunika slideway oil ya ISO 68, monga Shell Tonna kapena Mobil Vactra No. 2, chifukwa imamatirira. Ikasowa, hydraulic 68 ndi yabwino kuposa kusathira. Musathire gear oil ya galimoto ya EP 90, mankhwala ake ena amadya bulonzi. Oyilo wakuda wochotsa mu injini ndiye ayi ndithu. Ndipo tinsonga tija tooneka ngati ta girizi pa lathe ya Myford ndi pa Bridgeport ndi ta oyilo. Girizi amauma m'tinjira, oyilo osadutsanso, tizitsulo n'kumamatirira.

Zipangizo za ma lathe a Colchester, Harrison, Boxford ndi Myford kuno zikupezekabe, zakale pa eBay ndi kwa ophwasula makina. Myford yeniyeni ya ku Beeston ku Nottingham inatseka mu 2011, koma dzina linagulidwa ndipo zipangizo zikugulitsidwabe. Tinthu tating'ono monga nati ndi felt timalowa m'chikwama munthu akamabwera kumudzi. Chaki ndi yolemera, imeneyo funani ku Joni. Mukalembe serial number, imakhala yodindidwa pa bedi kumapeto kwa ku tailstock, ndiyo imandithandiza kupeza buku loyenera.

Wachigayo (Mchinji): A ku Leicester mwatchula Bridgeport, ndi chiyaninso chimenecho?

Achimwene a ku Leicester: Ndi milling machine ya ku America, inayamba mu 1938 ku Connecticut. Zina zinkapangidwanso kuno ku England ndi kampani ya mumzinda uno wa Leicester yotchedwa Adcock & Shipley. Ndi imene imadula keyway, kangalande kolowa kiyi, pa shafiti yanu ya chigayo. Koma Bambo a Chisomo ayambe ndi lathe, imeneyo ndi nkhani ya chaka china.

Mnyamata wa Soche: Dzimbiri la pa bedi tingachotse ndi sandpaper kapena flap disc?

Madala Fita (Limbe): Ukayerekeza ndikakupeza. Palafini kapena dizilo, usiye usiku wonse, m'mawa upale ndi lezala mogoneka, umalize ndi kansalu kokhakhala kotsukira mapoto kali ndi oyilo. Madontho akuda otsala alibe vuto, amasunga oyilo. Ukachotsa chitsulo pa bedi sichibwereranso.

Mipeninso, musathamangire ma insert a carbide. Student sipidi yake yapamwamba ndi cha m'ma 1200, ndipo mipeni ya chitsulo cholimba cha HSS ndi yotchipa, umanola wekha. Pa chitsulo wamba HSS imafuna mamita 30 pa mphindi, ndiye cha 50 mm uzungulize cha m'ma 190. Pamene padzazidwa ndi rodi ndi pouma, pamenepo gwiritsa carbide yowotchereredwa ija, yonolera pa mwala wobiriwira. Magolovesi ndi malaya a manja aatali pa lathe ayi, ndipo kiyi wa chaki asagone pa chaki ngakhale kwa kamphindi.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Akuluakulu, tapitako ndi mkulu wina wosema pa lathe wa ku Chirimba. Saddle ikulimba pang'ono chabe kumapeto. Singano pa sipindulo ikusuntha osafika 0.02. Magiya a m'mutu onse ali ndi mano, oyilo ndi wakuda koma mulibe madzi. Chidutswa cha gap chilipo. M'kabati tapeza chaki ya mano anayi, faceplate ndi fixed steady. Zosowa: mano a kunja a chaki ya mano atatu, travelling steady, ndipo chogwirira cha tailstock n'chothyoka. Mota ili ndi mawaya atatu okha. Ndatsitsa mtengo ndi zimenezi, tagwirizana, ndapereka theka.

Anaphiri (Kanengo): Mwachita bwino. Mano a kunjawo musawasake, chaki ya mano anayi mano ake amatembenuzika, ikugwirirani zazikuluzo.

Amagetsi (Zomba): Motayo muichotse musananyamule, mupite nayo kwa wokulunga mota ayeze insulation ndi megger, yakhala m'chinyezi cha ku Thyolo nthawi yaitali. Akatulutse star point nthawi yomweyo. VFD mugule ya 2.2 kW kapena yokulirapo pang'ono, muiike m'bokosi lopita mphepo kutali ndi fumbi.

Wa ku Joni (Germiston): Ponyamula ndi pamene makina ambiri amafera. Lathe kulemera kwake kuli m'mwamba ndi ku mutu, pansi ndi popapatiza, imagwa chafufumimba mosachenjeza, zogwirira ndi apron n'kuphwanyika. Imeneyo ikupitirira theka la tani, musadalire anyamata a ganyu kuti ainyamula ndi manja. Chotsani chaki ndi tailstock, saddle muikankhire kumapeto. Lamba adutse pa bedi pafupi ndi mutu, muike matabwa kuti asapanikize leadscrew ndi feed shaft, zikapindika mwalira. Cheni buloko pa mapaipi atatu olimba, lole ilowe pansi pake. Pansi muziiyendetsa pa mapaipi m'litali mwake, osati cham'mbali, ndipo munthu asaime mbali imene ingagwere. Mumsewu wa ku Thyolo muli makona ndi zitunda, muimange m'mwamba ndi m'munsi momwe.

Madala Fita (Limbe): Simenti ya pamene ikakhale ikhale yokhuthala ndipo iume kaye. Ikakhala mopendama bedi imapotoka, udzasema chitsulo chonenepa mbali imodzi n'kumanamizira makina. Level ya amisiri omanga nyumba siikwanira pa ntchito imeneyi. Ine ndili nayo ya makina. Ukathira simenti undiuze pano, ndibwera nayo ndi ma shim, iwe ukonze thiransipoti yochokera ku Limbe ndi nsima ya masana.

Bambo a Chisomo (Ndirande): Nsima ndi chambo madala. Simenti tithira Loweruka. Amene ali ndi cheni buloko ya matani awiri mu Blantyre muno yobwereketsa andipeze ku inbox, ndi mtengo wake wa pa tsiku.